Mankhwala a Misala ndi Mafunde a mu Ubongo: Kodi Pepala la EEG Likuti Ciani?

Taganizirani za banja lina la ku Kabulonga. Mwana wao wamwamuna wa zaka 22 anali pa maphunziro apamwamba pamene anayamba kudzitsekera m'cipinda, kuleka kusamba ndiponso kukana nsima ya amai ake, ati aikamo poizoni. Usiku anali kuyankha mau amene wina aliyense m'nyumbamo sanali kuwamva. Atayesa mapemphero, komanso ulendo umodzi wa kwa ng'anga umene atate ake safuna kuukamba, anamutengera ku Chainama. Madokotala anati ndi schizophrenia, ndipo anamuyambitsa mankhwala. Patapita miyezi itatu mnyamata uja anayamba kudya pamodzi ndi anzake, anapita yekha kukameta, nayambanso kufunsa za mpira.

Ndiye tsiku lina dokotala anamutumiza kukapimidwa mutu ndi makina amene amati EEG. Pepala la zotsatira linabwera m'Cingerezi, ndipo atate ake, pokhala munthu wophunzira, analiwerenga m'galimoto asanafike nalo kwa dokotala. Maso ao anagwera pa mau awiri, "abnormal" ndi "slowing". Iwo anamva kuti ubongo wa mwana wao suli bwino ndipo ukuyenda mocedwa. Pofika kunyumba anali ataweruza kale mlandu: mankhwala awa akupha mutu wa mwana wanga. Mapilisi anatayidwa m'cimbudzi. Miyezi iwiri isanathe, mlonda wa pa nyumba ina anapeza mnyamatayo pakati pa usiku akuyenda wopanda nsapato kufupi ndi raundabauti ya Kabulonga, akukangana ndi anthu osaoneka.

Atate aja sanawerenge molakwa. Mankhwala a matendawa amasinthadi mafunde a mu ubongo, ndipo makina amaona kusinthako. Cimene analakwitsa ndi tanthauzo lake. Nkhani yathu lero ili pamenepo.

Matenda amene tikukamba

Liu lakuti misala lili ngati thumba limene timaponyamo matenda ambiri osiyana. Munthu angasokonezeke mutu cifukwa ca malungo a mu ubongo, khunyu, mowa, camba, matenda olowa mu ubongo mwa amene ali ndi kacilombo ka HIV, ngakhalenso mai atangobereka kumene. Schizophrenia ndi amodzi cabe mwa amenewa. Dzinali analipereka dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, mu 1908. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 24 miliyoni pa dziko lonse ali ndi matendawa, ndiye kuti munthu mmodzi pa anthu 300 alionse. Kawirikawiri amayamba munthu akamatha zaka za ku sekondale kufikira zaka za m'ma 20, ndipo anyamata amayamba msanga kuposa atsikana.

Wodwala amamva mau popanda wolankhula, amakhulupirira zinthu zimene palibe angamucotse, monga kuti anansi akumulonda kapena wailesi ikukamba za iye, ndipo zokamba zake zimadumphadumpha. Palinso mbali ina yacete imene mabanja amaiona ngati ulesi: kusafuna kucita kanthu, kusaceza, nkhope yosaonetsa cimwemwe kapena cisoni, ndi kulephera kusunga zinthu m'mutu.

Matendawa sasankha kumayadi kapena m'komboni. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Kabulonga ndi ku Woodlands wodwala amabisidwa kuseri kwa mpanda wautali wa njerwa, pamene ku Kalingalinga ndi ku Mtendere mseu wonse umadziwa. Cipatala ca Chainama, m'mbali mwa Great East Road, cinatsegulidwa mu 1962, ndipo kufikira lero dzina lake anthu amatukwanirana nalo m'minibasi. Lamulo la mu 2019 loona za thanzi la maganizo linalowa m'malo mwa lija la atsamunda limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza, koma lilime la anthu silisinthidwa ndi lamulo lokha.

Magetsi a m'mutu

Mu ubongo wa munthu muli timaselo ta mitsempha pafupifupi 86 biliyoni. Timaseloti timauzana zinthu ndi timagetsi tating'ono kwambiri. Tikagwira nchito tambiri pa nthawi imodzi, timagetsito timaphatikizana n'kufika pa khungu la mutu, pamene makina angatimve. Mphamvu yake ndi yocepa koposa: batire limodzi la mu toci limaposa magetsi a pa khungu la mutu nthawi zoposa 10,000. N'cifukwa cake makinawo amafunika kusefa phokoso la magetsi a ZESCO a m'makoma a cipinda, amene amagunda ka 50 pa sekondi imodzi ndipo angaphimbe zonse.

Woyamba kujambula magetsiwa mwa munthu anali Hans Berger, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Jena m'dziko la Germany, mu 1924. Anali ndi cikayiko, motero anasunga zimene anapeza kufikira 1929. Makina akale anali ndi zolembera zimene zinali kukwera ndi kutsika pa pepala lalitali, n'kusiya mizere yonga mafunde a pa madzi. Dzina lakuti mafunde a ubongo linacokera pamenepo. Lero mizereyo imaoneka pa kompyuta.

Kuti mumvetse zimene EEG ingathe ndi zimene singathe, ganizirani munthu amene waima panja pa Woodlands Stadium tsiku la mpira, alibe tikiti. Iye angadziwe pamene cigoli calowa, pamene anthu akuimba pamodzi ndi pamene bwalo lazizira. Koma sangamve zimene munthu mmodzi akuuza mnzake pa mpando. EEG ndi yotero. Imamva khamu, siwerenga maganizo, ndipo singauze dokotala zimene mau a m'mutu mwa wodwala akunena.

Mafundewa amawagawa malinga ndi liwiro lao, ndipo anawapatsa maina a zilembo za Cigiriki. Munthu akakhala phee atatseka maso koma ali maso, kumbuyo kwa mutu kumatuluka mafunde a alpha, ogunda ka 8 mpaka ka 13 pa sekondi. Akatsegula maso kapena kuyamba kuwerengera ndalama za lendi m'mutu, alpha imazimirira ndipo pamabwera beta, yothamanga kuposa pamenepo, kufika ka 30. Akayamba kuodzera pamabwera theta, ya ka 4 mpaka ka 7. M'tulo tofa nato muli delta, yosafika ka 4 pa sekondi, mafunde akuluakulu oyenda pang'onopang'ono. Pamwamba pa onse pali gamma, yopitirira ka 30, imene imaoneka pamene mbali zosiyana za ubongo zikulumikiza zimene maso aona ndi zimene makutu amva kuti zikhale cinthu cimodzi.

Sungani mfundo iyi, pakuti tidzaifuna: theta ndi delta si mafunde oipa. Aliyense wa ife amawatulutsa usiku uliwonse. Dokotala amalemba kuti "slowing" akawaona ali ambiri mwa munthu wamkulu amene ali maso.

Kodi matendawa amaoneka pa EEG?

Yankho lacidule n'lakuti iai. Palibe dokotala angayang'ane mizere ya munthu mmodzi n'kunena kuti uyu ali ndi schizophrenia. Odwala ambiri EEG yao imatuluka yabwinobwino. Matendawa amadziwika mwa kuceza ndi wodwala ndi acibale ake, ndi kuona mmene zinthu zayendera kwa miyezi. Dokotala akatumiza munthu ku EEG amakhala akufuna zina: kodi si khunyu ya mtundu uja umene munthu sagwa pansi koma amangoti duu, kutafuna pakamwa ndi kucita zinthu zimene pambuyo pake sakumbuka? Kodi si kutupa kwa ubongo? Kodi mankhwala sanaculuke m'thupi?

Komabe akatswiri akaika pamodzi odwala ambiri n'kuwayerekeza ndi anthu osadwala, kusiyana kumaoneka. Ku America mu 1999 anapeza kuti akamaliza kaphokoso kogogoda ka 40 pa sekondi m'makutu, ubongo wa munthu wosadwala umatsatira kugogodako ngati wovina wotsatira ng'oma, koma wa wodwala schizophrenia umatsatira mofooka. Mu 2007 gulu la ku Wisconsin linapeza kuti timafunde tina tacangu timene timabwera m'tulo, timene timathandiza ubongo kusunga zimene waphunzira masana, timacepa mwa odwalawa. Pambuyo pake ena anapezanso kucepa komweku mwa odwala amene anali asanamweko mankhwala, ngakhalenso mwa abale ao ena osadwala. Kotero mbali iyi ndi ya matenda, si ya mapilisi.

Palinso kadzidzidzi kamene ubongo umacita pamene phokoso lacilendo lalowa pakati pa maphokoso ofanana, monga mmene mai amadzukira mwana akasintha kaliridwe. Mwa odwala ambiri kadzidzidzi kameneka ndi kofooka, ndipo mankhwala amene tili nao sakabwezera kwenikweni. Izi zikugwirizana ndi zimene mabanja amaona okha: mau a m'mutu amatha, mantha amatha, koma kuika mtima pa buku kapena pa nchito kumatsalira m'mbuyo. Musamunene ulesi mwana wotere.

Zimene mankhwala amacita

Mankhwala oyamba a matendawa, chlorpromazine, amene ambiri amawadziwa kuti Largactil, anapangidwa ku France mu 1950. Mu 1952 madokotala awiri, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anawapereka kwa odwala pa cipatala ca Sainte-Anne ku Paris ndipo anaona mawodi aphokoso akukhala bata. Haloperidol anatulukira ku Belgium mu 1958. Onsewa akali kugwiritsidwa nchito m'zipatala zathu, pamodzi ndi nyeleti ya fluphenazine, imene anthu amati Modecate, ndi ena atsopanoko monga risperidone ndi olanzapine amene anabwera m'zaka za m'ma 1990. Codabwitsa n'cakuti madokotala anayamba kuona kuti mankhwalawa amathandiza asanadziwe cifukwa cake. Njira inaoneka mu 1963, pamene Arvid Carlsson wa ku Sweden anasonyeza kuti amakhudza dopamine.

Dopamine ndi kamadzi kamene timaselo ta ubongo timatumizirana. Imodzi mwa nchito zake ndi kuika cizindikiro pa zinthu zofunika, ngati kuuza munthu kuti ici ciyang'anitsitse. Mwa wodwala schizophrenia, mbali ina ya mkati mwa ubongo imatulutsa dopamine mopitirira, motero cizindikiro cimaikidwa pa zinthu zopanda pake. Galimoto imene yaima pa geti siikhalanso galimoto cabe, imakhala ya anthu omulonda. Kutsokomola kwa mnansi kumakhala uthenga. Mankhwala amakatseka tizitseko timene dopamine imalowera, ndipo pang'onopang'ono galimoto ija imabwerera kukhala galimoto. Zimenezi zimatenga masabata, osati tsiku limodzi.

Pojambula ubongo ndi makina ena, akatswiri anapeza kuti mankhwala amayamba kuthandiza akatseka tizitseko pafupifupi 65 pa 100 tilitonse. Akafika ku 80 mavuto amayamba: khosi kuuma, manja kunjenjemera, kuyenda ngati wamangidwa, dovu kutuluka, ndi miyendo yosalola munthu kukhala pansi. Mpata wa pakati pa 65 ndi 80 ndi wocepa, n'cifukwa cake dokotala amasinthasintha mlingo miyezi yoyamba, ndipo nthawi zina amaonjezapo benzhexol, uja amati Artane, kuti thupi limasuke. Kuonjezera mapilisi mwa inu nokha pofuna kuti wodwala acire msanga kumangomuumitsa thupi.

Nanga mafunde ocedwa aja amacokera kuti? Ambiri mwa mankhwalawa satseka zitseko za dopamine zokha. Amakhudzanso za timadzi tina tiwiri, histamine ndi acetylcholine, timene nchito yao ndi kusunga ubongo uli maso. Aliyense amene anamwapo Piriton cifukwa ca cimfine n'kuyamba kuodzera m'basi akudziwa zimene zimacitika histamine akatsekedwa. Ubongo ukakhala pansi pa mankhwala otere, alpha imacepetsako liwiro, beta yothamanga imacepa, ndipo theta ndi delta zimayamba kuonekera ngakhale munthu ali maso. Bwalo lija la mpira silinagwe. Anthu akalimo, koma akuimba nyimbo yodekha. Mlingo ukatsitsidwa kapena mankhwala akasinthidwa, mafunde amabwerera ku liwiro lao.

Mankhwala onse sacita zimenezi mofanana. Mu 2002 madokotala a pa cipatala ca McLean, kufupi ndi Boston, anaonanso ma EEG a odwala ao oposa 300. Mwa amene anali kumwa clozapine, 47 pa 100 alionse EEG yao inali yosintha. Mwa a olanzapine anali 38, mwa a risperidone 28, ndipo mwa a mankhwala akale monga haloperidol anali pafupifupi 15. Onani kuti ngakhale pa mankhwala amene ali pamwamba, theka la odwala EEG yao inalibe kanthu.

Apa pali cinthu cimene atate a ku Kabulonga aja akanacidziwa sakanataya mapilisi. Clozapine, amene amasintha mafunde kuposa onse, ndiye amene amathandiza odwala amene mankhwala ena onse alephera. Pa kafukufuku wa mu 1988 wa odwala otere, 30 pa 100 anapeza bwino ndi clozapine m'masabata 6, pamene ndi chlorpromazine anali 4 cabe. Mankhwala omwewa amacepetsanso kudzipha pakati pa odwala. Ndiye kuti kuculuka kwa mafunde ocedwa pa pepala sikuonetsa kuti wodwala akuipiraipira. Dokotala wabwino amayang'ana munthu amene wakhala pa mpando patsogolo pake: akudya, akugona, akuceza, akudziwa tsiku ndi malo? Pepala limabwera pambuyo.

Clozapine ali ndi vuto lake lina losakhudza mafunde. Mwa anthu ocepa amagwetsa maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali a thupi. Ku Finland mu 1975 odwala 8 anamwalira motero, ndipo kuyambira pamenepo wakumwa mankhwalawa amapimidwa magazi kawirikawiri. Akamva kutentha thupi kapena zilonda za pakhosi apite ku cipatala tsiku lomwelo.

Pamene pepala lili cenjezo lenileni

Sitikunena kuti EEG yosintha ilibe kanthu nthawi zonse. Kupatula mafunde ocedwa, nthawi zina pamaoneka mizere yosongoka ngati minga. Imeneyi imasonyeza kuti timaselo tambiri tikuphulika pamodzi mwadzidzidzi, ndipo ndi mmene khunyu imayambira. Mankhwala a misala amatsitsako mpanda umene umachinga ubongo kuti usagwe khunyu. Haloperidol, fluphenazine ndi risperidone amautsitsa pang'ono. Chlorpromazine wa mlingo waukulu amautsitsa kwambiri, ndipo clozapine ndiye woposa. Mwa akumwa clozapine wosafika mamiligalamu 300 pa tsiku, pafupifupi mmodzi pa 100 amagwa khunyu. Mlingo ukapitirira 600, amaposa 4 pa 100. Kukweza mlingo mothamanga nakonso kumaonjezera ngoziyi.

Inu a m'nyumba ndinu amene mungaone zizindikiro msanga kuposa makina. Wodwala akayamba kudzidzimuka manja kapena mapewa ngati wagwidwa ndi magetsi, kugwetsa kapu ya tiyi popanda cifukwa, maondo kupinda mwadzidzidzi, kapena kuyamba cibwibwi cimene analibe, muuzeni dokotala sabata yomweyo. Kawirikawiri mankhwala saleketsedwa. Dokotala amatsitsa mlingo, kapena kuugawa kuti usamwedwe wonse nthawi imodzi, kapena kuonjezapo mankhwala a khunyu. Pamenepa amasankha mosamala. Sodium valproate angapweteke mwana ali m'mimba, motero mtsikana kapena mai amene angatenge pakati anene poyera. Carbamazepine, amene ndi wofala m'makiliniki athu, saphatikizidwa ndi clozapine cifukwa onse awiri angagwetse maselo oyera aja. Musabwereke mapilisi a khunyu kwa mnansi.

Pali zinthu za tsiku ndi tsiku zimene zimakankha wodwala kufupi ndi ngozi. Coyamba ndi fodya, ndipo apa nkhani yake ndi yokhotakhota. Utsi wa fodya umafulumizitsa ciwindi kucotsa clozapine ndi olanzapine m'magazi. Munthu amene amakoka paketi pa tsiku amafuna mlingo wokulirapo. Tsiku limene waleka fodya, kaya cifukwa walapa ku chalichi kaya wagonekedwa m'wodi mmene saloledwa kukoka, mlingo womwe uja umayamba kuunjikana m'thupi, ndipo patapita masiku angayambe kuodzera kwambiri kapena kugwa kumene. Kuleka fodya n'kwabwino, koma dokotala adziwe zisanacitike kuti atsitse mlingo.

Mowa ndi wina. Kaya ndi kacasu wa m'komboni kaya ndi wa m'botolo wa ku kalabu, munthu amene amamwa tsiku lililonse akaleka mwadzidzidzi angagwe khunyu ngakhale asali pa mankhwala alionse. Kusagona usiku wonse, monga pa maliro kapena pa mapemphero ocezera, nakonso kumatsitsa mpanda uja. Camba cimabweza matenda enieniwo. Ndiponso mankhwala ena a matenda wamba amalowerera: ciprofloxacin amakweza clozapine m'magazi, tramadol wa ululu amaonjezera ngozi ya khunyu, pamene rifampicin wa TB amacotsa mankhwala ambiri a misala m'thupi msanga kotero kuti mau aja angabwerere munthu akumwa mapilisi ake mokhulupirika. Kulikonse kumene wodwala apita kukalandira cithandizo, anyamule mapaketi ake onse.

Akagwa, mugonekeni cam'mbali, mucotseni pafupi ndi mbaula kapena madzi, ndipo muike cinthu cofewa pansi pa mutu. Musaike supuni kapena cala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Thovu lake silipatsira munthu matenda. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani ku cipatala. Cimodzimodzinso wodwala akatentha thupi kwambiri, thupi lonse litauma gwa, akutuluka thukuta ndipo sakudziwa pamene ali. Ambiri amayesa malungo n'kugula mankhwala pa kantemba, koma nthawi zina ndi mankhwala a misala amene amuwenga moopsa, ndipo zimenezi zimapha zikacedwa.

Mtengo wa kutaya mapilisi

Mu 2012 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku 65 wa odwala amene anali atapeza bwino. Ena anapitiriza mankhwala, ena anapatsidwa mapilisi opanda mankhwala. Pakutha caka, mwa opitiriza 27 pa 100 anadwalanso. Mwa osiya anali 64. Kudwalanso kulikonse kuli ndi mtengo wake: malo a ku koleji amapita, nchito imatha, ukwati umagwedezeka, ndipo kwa ena mankhwala amene anagwira poyamba sagwiranso msanga ulendo waciwiri. Kuleka mwadzidzidzi, makamaka clozapine, kungabweretse matenda mwaukali m'masiku owerengeka.

Kunena zoona, mankhwalawa ali ndi zolemetsa zake, ndipo wodwala akadandaula sakunama. Olanzapine ndi clozapine amanenepetsa ndipo angabweretse matenda a shuga. Risperidone ndi haloperidol angaimitse msambo, kutulutsa mkaka kwa wosayamwitsa, kapena kufooketsa mwamuna m'nyumba, nkhani imene ambiri amacita nayo manyazi n'kungoleka mapilisi mwakacetecete. Pambuyo pa zaka zambiri ena amayamba kutafunatafuna ndi kutulutsa lilime mosafuna. Akatswiri akali kutsutsana ngati mlingo waukulu wa zaka zambiri umacepetsako mnofu wa ubongo, pakuti matenda enieniwo, makamaka akamabwererabwerera, nawonso amatero. Cimene amagwirizana n'cakuti wodwala akhale pa mlingo wocepetsetsa umene ukumusunga bwino. Mlingo umenewo umapezeka mwa kukambirana ndi dokotala kapena clinical officer wa matenda a maganizo, ndipo ukamatsitsidwa umatsitsidwa pang'onopang'ono kwa miyezi. Ngati vuto ndi kuiwala mapilisi, funsani za nyeleti imene amalasa kamodzi pa masabata angapo.

Wodwala amene akungogona usana wonse, sakutha kumaliza ciganizo ndipo akuyenda dzandidzandi, ameneyo mankhwala amuculukira, kaya EEG yanena kaya sinanene. Musayembekeze tsiku lolembedwa pa khadi. Bwererani naye.

Mukatumizidwa ku EEG

Ambiri amaopa makinawa cifukwa amawasokoneza ndi cithandizo cina, ECT, cimene madokotala amapereka magetsi ku ubongo munthu atamugoneka tulo ndi mankhwala. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. EEG silowetsa magetsi alionse m'mutu, imangomvetsera. Siwawa ndipo munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mu Lusaka kupima kumeneku kumacitika ku UTH ndi m'zipatala zina zolipira, koma pamafunika kalata ya dokotala.

Wopima amamata timabatani tacitsulo pafupifupi 20 pa khungu la mutu ndi phala lofewa, timalumikizidwa ku makina ndi mawaya. Wodwala amagona kapena kukhala pa mpando kwa mphindi 20 mpaka 40. Amamuuza kutseka ndi kutsegula maso, kupuma mozama kwa mphindi 3, ndipo nthawi zina amamuwalitsira nyali yophethira. Zonsezi n'zofuna kuona ngati minga ija ingatuluke.

Usiku wake sambitsani mutu ndi sopo, osadzolamo mafuta kapena Vaseline, pakuti mafuta amaletsa timabatani kugwira. Atsikana ndi amai amasule tsitsi loluka ndi kucotsa mawigi asananyamuke, kuti asabwezedwe pakhomo atalipira kale basi. Wodwala adye cakudya ca m'mawa, cifukwa njala nayo imacedwetsa mafunde, ndipo amwe mankhwala ake monga mwa masiku onse pokhapokha dokotala atanena zina. Muuzeni wopimayo dzina la mankhwala alionse, mlingo wake, nthawi imene anamwa komaliza, ndi maola amene wodwala anagona usikuwo. Wowerenga mizere akadziwa kuti munthuyu ali pa olanzapine ndipo anagona maola atatu okha, amaona theta yomweyo ndi diso lina.

Pepala la zotsatira limalembedwera dokotala amene anakutumizani. Mukafika nalo, mufunseni zinthu ziwiri: kodi zimene zalembedwazi n'zocokera ku mankhwala kapena ku cinthu cina, ndiponso kodi pali minga ya khunyu kapena ndi mafunde ocedwa cabe. Ngati wodwala anapimidwapo kale asanayambe mankhwala, nyamulani pepala lakalelo kuti awaike pamodzi.